Magawo Asanu ndi Awiri

Dokotala Qiao sanandikweze pa sikelo.
Anangoti: tambasulani dzanja.
Zala zake zitatu zinatera pamkono wanga
ngati mbalame pa waya wa magetsi,
kumvetsera.
Kunja mvula ya ku Chongqing inkatsika masitepe a mzinda.
Ine ndinali nditakwera makumi anayi okha,
malaya atamatirira kale kumsana.

Tulutsani lilime.
Ndinalitulutsa, ine Lou Deming,
woyendetsa basi ya usiku, imvi mbuu,
pamaso pa mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga.
Anandipatsa kagalasi. Onani nokha:
m'mphepete mano adindamo mapazi,
pamwamba payera ngati khoma la laimu.
Mwalowa chinyontho, bambo.
Mwasanduka chipinda chosatsegula mawindo.

Ndinaseka. Ndinati zonsezi ndinayesapo.
Miyezi iwiri ndinakana mpunga,
ndinkatafuna nkhaka za m'firiji,
njala ikundikanda ngati mphaka wotsekeredwa,
koma lamba osabwerera ngakhale bowo limodzi.

Iye anajambula mphika, pansi pake kamoto.
Mimba ndi iyi. Kapamba ndiye wosonkhezera.
Inu usiku uliwonse mumathira madzi oundana pa nkhuni
kenako n'kumadabwa kuti chakudya sichikupsa.

Analemba mwachangu, foni yake ikulira m'thumba:
phala la mpunga lotentha, jinja pang'ono,
nyemba zofiira, makoko a nachesi ouma mu tiyi.
Makomedwe alipo asanu, anatero,
aliyense ali ndi tikiti yake.
Inu mipando yonse mwapatsa tsabola ndi mchere,
chotsekemera chakhala pamiyendo pawo,
chowawasa chaima pakhomo,
chowawa munachisiya pa siteji kalekale.
Ndipo mimba muiyese magawo khumi.
Dzazani asanu ndi awiri.
Atatu asiyeni.

Phala silinandivute.
Jinja ndinamuzolowera Lachinayi lomwelo.
Koma atatuwo.

Palibe amene anandifunsa chifukwa chake
ndimakhala kwa Mayi Tan pa depoti
fili koloko ya usiku,
mbale ya nkhumba yonona, ina, inanso,
mpaka mpweya uzichita kupempha njira.
Chichokereni Suyin chaka chathachi
nyumba yathu ndi magawo khumi opanda kanthu.
Masilipasi ake akadali pakhomo, atayang'ana m'kati.
Munthu wokhuta ndi wosavuta kugoneka:
umangogwa, khuu, osamva kuti wotchi ikuyankhula yokha.

Usiku woyamba kuika timitengo pansi
mbale isanathe,
Mayi Tan anandiyang'ana ngati ndawatukwana.
Kodi mchere wachepa?
Iyayi, ndinatero. Ndikusiyira malo.
Malo a yani?
Sindinayankhe.

Ndinayenda wapansi kutsata mtsinje wa Jialing,
magawo atatu ali m'kati mwanga, yasaa,
ngati mipando ya kumbuyo pa ulendo womaliza.
Ndipo mmenemo, pang'onopang'ono, munakwera zinthu:
mawu ake akuti wavala juzi mopidikula,
fungo la mavwende owawa amene ankakazinga
ine n'kumakankhira pambali,
chifuwa chake cha m'bandakucha.
Ndinalira pafupi ndi mlatho.
Sindinafe.

Tsopano masamba agwa kawiri.
Lamba wabwerera mabowo awiri, osati anayi,
ndipo Loweruka lapitali ndinalakwa, ndinadzaza khumi onse
pa ukwati wa mwana wa kondakitala.
Dokotala Qiao anangoyang'ana lilime
nati, hmm, mawindo ayamba kutseguka,
kenako anaitana wotsatira.

Masitepe aja ndi zana limodzi ndi khumi ndi awiri.
Ndinawawerenga lero, osaima.
Pamwamba pake mayi wina amagulitsa mavwende owawa.
Ndagula awiri.
Sindidziwa kuwakazinga kwake,
koma moto ndayatsa.