Mawu Zana Limodzi ndi Makumi Awiri

Lachinayi usiku, ana akagona,
ndimakhala patebulo la kukhitchini
ndi pensulo ya Ruaridh, yolumidwalumidwa kumutu,
n'kumawerenga mawu ngati munthu wowerenga makobidi
mwezi ukadali pakati.

Zana limodzi ndi makumi awiri pa sabata.
Ndi okhawo amatilola.
Dzina lako, udindo wako, nambala yako
zimadyako kale ndisanakupatse n'komwe moni.

Struan, uli pansi pa nyanja. Nyanja iti, kaya.
M'mawa uja wa nkhungu ndinaima pa Rhu
kuona msana wakuda wa sitima yanu ukuchepa,
mbalame zitatu zikuutsatira mpaka zinatopa n'kubwerera.
Chichokereni ndimakulankhula, iwe suyankha,
malamulo ndi omwewo.
Ndimaponya mwala m'chitsime
n'kutchera khutu milungu khumi ndi inayi.

Ndiye ndimasankha.
Ndalemba kuti dzino la Catriona laguluka,
akuti alisunga mu envelopu udzalione wekha.
Ndalemba kuti timu yako yagonjanso,
mawu anayi amenewo ndikudziwa udzaseka nawo.
Ndalemba kuti galu wadya sokosi yako ya ubweya.

Makina otenthetsera nyumba anafa Lamulungu,
tinagona atatu pabedi limodzi titavala majekete.
Zimenezo sindinalembe.
Galimoto ikulira ngati ili ndi chifuwa.
Sindinalembe.

Za bambo ako ndiye sindingayerekeze.
Ku Faslane kuli munthu amene amayamba wawerenga,
mawu a matenda ndi maliro amawatsekera m'kabati
mpaka tsiku limene mudzavuuke.
Unasaina wekha pepala lija, ndili pomwepo:
zoipa zisandipeze pansi pa madzi.
Choncho Lachiwiri ndi Loweruka ndimakwera basi ya ku Paisley,
ndimawagwirira supuni, dzanja lamanja linawakana.
Amandiyang'ana n'kutchula dzina lako mopotoka.
Ndimati akubwera, bambo, idyani kaye.

Musitolo Mayi Galbraith amafunsa, abwera liti bambo a kunyumba?
Ndimamwetulira n'kuika mkaka m'dengu.
Tsikulo sindilidziwa,
ndipo ndikanalidziwa sindikanaloledwa kulitchula.

Ruaridh wajambula sitima yanu ili ndi mawindo.
Ndinamuuza kuti ilibe, analira.
Ndinamusiya awonjezere lina lalikulu,
iwe uli pamenepo, ukugwedeza dzanja kwa nsomba.

Malaya ako aja ndinakana kuchapa
tsopano akununkha kabati basi.

Usiku wina ndimakuda, ndinene zoona.
Mvula ikamenya zenera cha m'ma thiri koloko,
mwana atentha thupi, mankhwala atatha,
ndimakutukwana chamumtima mawu opitirira zana,
aulere, opanda wowawerenga.
M'mawa ndimakonza mbali yako ya bedi
ngakhale palibe anagonapo.

Ndikudziwanso mmene zidzakhalire.
Udzafika woyezuka ngati mbewu yomera kuseri kwa chitseko,
ukutsinzinira dzuwa, chikwama chikununkha mafuta a injini.
Udzaika makapu pashelefu yolakwika.
Udzafunsa chifukwa chake ana amagona mochedwa,
ine n'kuluma mlomo,
poti nyumbayi ndaisenza ndekha, yandizolowera phewa.
Tidzaphunzirananso pang'onopang'ono,
monga tinachitira chaka chatha ndi chaka chinacho.

Koma lero ndi Lachinayi.
Ndawerenga kawiri ndi chala: zana, makumi awiri, ndi atatu.
Atatu achoke.
Pamzere womaliza pali tonse tili bwino.
Pamwamba pake pali ndatopa, bwera msanga.

Labala ya pensuloyi Ruaridh anatafuna kalekale.
Ndanyowetsa chala ndi malovu, ndikupukuta,
pepala labooka pamene panali ndatopa.
Ketulo yazizira.
Kumtunda Catriona akutsokomola,
ndimva kaye ngati asiye yekha.