Ndodo ya Malinunda

Che Imedi anaziyala pa chiguduli, zitatu,
kuseri kwa galaja yawo ku Soko
pomwe dothi linakhuta oyilo mpaka udzu unasamuka.
Makamushafuti. Ndodo zachitsulo za malinunda,
ng'ombe zisanu ndi zitatu pa chingwe chimodzi.
Ina inabwera kuchokera ku Joni m'chikwama cha mlamu wawo,
ina anaizula m'galimoto yomwe inagubuduka ku Chowe,
yachitatu ndi yanga yomwe, yobadwa nayo injini,
yofatsa ngati kalaliki.

Dzanja langa silinafunse munthu. Linapita pa ya ku Joni.
Malinunda ake otupa, amwano.
Ndinali nditamva kale mmene idzalirire,
gudu, gudugudu, gudu,
kutsokomola kwa bwana wofuna kuti mumuone walowa.
Ndinali nditamuona kale Jafali wa ku Mpondasi
akuchepa m'galasi langa Loweruka usiku
pakati pa mlambe ndi kalavati,
mamita mazana anayi
omwe andidyera phindu la miyezi itatu.

Che Imedi anapukuta zala, chimodzichimodzi.
"Lolemba umanyamula chiyani?"
Ayezi, ndinatero. Mabuloko khumi, a amayi a nsomba ku Makawa.
"Lachitatu?"
Bambo, kuchipatala, kukayezetsa shuga.
"Nanga Lowerukalo ndi masekondi angati?"
Ndinayang'ana pansi. Anawerenga okha:
khumi ndi asanu ndi limodzi, mphepo ikakukonda.

"Iyi," anaigogoda ndi sipanala,
"imatsegula mavavu ngati chitseko cha pamaliro,
m'mamawa, mpaka kukhoma, ndipo kutseka imaiwala.
Kumtunda uko, singano ikakwera, ndi chilombo, sindikana.
Koma pansi pano ilibe mwendo.
Idzakuzimira pa raundabauti kumbuyo kwa kabaza,
buleki idzauma gwa ngati tsanya,
petulo izidzamwa ngati munthu womasula swaumu.
Masipuling'i ako ndi nkhalamba, mapisitoni ndi a kufakitale.
Tsiku lina vavu idzapsompsona pisitoni
ndipo ukwati umenewo wolipira ndiwe."

Ndinati, koma kulira kwake, Che Imedi.
Anati, bulu amaliranso.

Dzuwa la Okutobala linali litakhala pa malata.
Ndinaona buti yanga ikudontha,
kamzere ka madzi pa tala kuchokera pa boma
ine ndikupukusa kiyi, ndikupukusanso,
Abiti Ndala atagwira m'chiuno pambali pa mabeseni awo
nsomba zikusintha maso.
Ndinaona bambo pampando wakutsogolo
akugwedezeka ngati ufa m'sefa,
osadandaula, chifukwa bambo sadandaula,
kungogwiritsa kabuku kawo ka kuchipatala ndi manja onse awiri.

Ndinatola ya ku Chowe.
Malinunda apakatikati, okwera pang'ono, otseka pa nthawi yake.
Ya munthu wakufa? ndinafunsa.
"Ali moyo, akugulitsa mayunitsi ku Namwera.
Chinamugwetsa si chitsulochi. Ndi phazi."

Tinamanga mpaka azana ya madzulo inatipeza,
tochi ili pakamwa panga,
iwo akulunjikitsa timizere ta taimingi ngati telala pa kolala.
Italira, sinatsokomole.
Inangoyankhula mokhuthala pang'ono,
ngati mnyamata wobwera kumene kundagala.

Loweruka ndinanyamuka bwino kuposa kale lonse.
Giya yoyamba inali yanga, yachiwiri inali yanga.
Pa kalavati Jafali anandidutsa ndi utali wa chitseko chimodzi,
chitseko chimodzi basi,
natulutsa dzanja pawindo kundibayibitsa.

Lolemba ayezi anafika ndi makona ake onse.
Abiti Ndala anawerenga, nalipira osakweza maso.

Ya ku Joni ikadali pompo, yopachikidwa pa msomali,
yopakidwa girisi, yokulungidwa m'nyuzi.
Ndikapita kukathira oyilo ndimaisisita ndi chala.
Che Imedi satembenuka n'komwe.
Amangoti, ali pansi pa galimoto ya wina,
"Mtengo wakwera. Jafali anaifunsa dzulo."