Pakati Pawo Pali Oyilo

Galimoto yomwe anandisiyira achimwene
imayamba kununkha chitumbuwa chopserera
tikangodutsa pa Lunzu.
Singano ya kutentha imakwera mwaulemu
ngati mlendo amene wabwera kudzatchula ngongole.

A Makwinja, pagalaja yawo ku Ndirande,
kuseri kwa ogulitsa matabwa,
anatsitsa giyabokosi n'kuigoneka pakatoni,
n'kundinyamulitsa chigubu chachitsulo
cholemera ngati mwana wogona.
"Iyi ndi konveta.
Mkatimu muli mafani awiri oyang'anizana,
ina ya injini, ina ya matayala.
Sakhudzana ayi.
Iyi imakankha oyilo, oyiloyo n'kukankha inzake,
choncho basi, mpaka ku Mwanza.

M'tauni zili bwino,
kuima n'kunyamuka pa Ginnery Corner,
kuterereka kumeneko ndi kumene kumasunga injini isazime.
Koma pamsewu wautali, mugiya yachinayi,
kuterereka ndi moto, ndiponso ndi petulo.
Pafunika lokapu,
choti chiziuza kilatchi ya mkatimu kuti, tsopano gwira.
Amene anaika giyabokosi imeneyi
anasiya waya wake ali lende."

Ndikumudziwa amene anaika.
Anasiyanso nyumba ya ku Chilomoni ilibe siling'i.

Ku Limbe, m'sitolo yonunkha labala,
mtsikana wina, Esinati, anayala makatoni pakauntala
n'kupukuta fumbi ndi chigongono.

Yotchipa ndi kaswichi chabe.
Wafika sikisite, udine. Ukufuna kuima, udinenso.
Ukaiwala, injini idzakuzimira pamaloboti
makondakitala akukutchulira makolo ako.
Ine amene ndinapsereza maketulo awiri chaka chino
ndinaikankhira pambali osayankhula.

Yokwera mtengo ndi kabokosi kakuda ka kompyuta,
kamawerenga kokha liwiro.
Katoni yake inali yopanda kanthu, yoonetsera.
Kenikeniko kachokere ku Joni, masabata atatu,
mtengo wake ndi fizi ya Madalo ya materemu awiri,
ndipo kakafa, a Makwinja ati, iwo kulibe,
sakonza chinthu chimene sangachitsekule ndi sipanala.

Inatsala yapakati:
kapaipi koonda kamene kamamvetsera mpweya wa injini.
Injini ikamapuma mwaphee, imagwira.
Ukaponda mwamphamvu pachitunda, imasiya.
Ukagunda buleki, imasiyanso.
Esinati anati, "Iyi imadziwa nthawi."
Kenako anafunsa ngati ndikufuna lisiti.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali kuposa mmene zimafunikira,
katoni m'manja,
kumbuyo kwanga munthu wofuna mapulagi akutsokomola.
Zaka zisanu ndi zitatu, ine ndi achimwene,
Chilomoni ndi Bangwe, mzinda umodzi,
mawu athu ankadzera mwa alamu.
Uzani mbale wanuyo.
Akuti mumuuze.
Zinthu zinkayenda ndithu, maliro tinkasonkha,
koma alamu anaonda.

Ndinalipira. Anandichotsera faivi sauzande
chifukwa katoniyo inanyowapo ndi mvula.

Loweruka tinakaiyesa,
a Makwinja pambali panga atayala nyuzi pampando,
zala zakuda atazikweza m'mwamba kuti asadetse kanthu.
Kameza, Lunzu, Matindi.
Giya yachitatu, yachinayi.
"Mwamva?"
Sindinamve.
Anandiuza ndichepetse, tiyambirenso,
ndizimitse wailesi, ndisiye kuyang'ana singano.

Kachiwiri ndinamva, osati ndi khutu,
ndi msana:
kugunda kamodzi kakang'ono,
ngati dzanja lofika paphewa kuchokera kumbuyo,
injini n'kutsitsa mawu.

Tinayenda chomwecho mpaka pa Lirangwe,
palibe woyankhula.
Pamenepo a Makwinja anaona tomato wotchipa m'mbali mwa msewu.
Ndinagunda buleki.
Inasiya.