Zala Zitatu

Nyumba yathu ku Pittsburgh inamatirira paphiri.
Kuseri kwake kapinga amatsika, amatsikabe,
mpaka pampanda wa Mayi Pruitt,
kupitirira apo madenga, njanji, mtsinje.

Chaka chino makina otchetchera ndi anga.
Bambo akhala pakhonde, mwendo pampando,
avula sokosi dala
kuti phazi lawo lamanzere lindiphunzitse:
zala zitatu, kenako chipsera chosalala
pomwe panali ziwiri zina.

"Renia, mame sanaume."
Ndagwira udzu. Zoonadi, wanyowetsa chikhatho.
Tadikira. Khofi wazizira m'kapu.
Sitima ya malasha yadutsa kumunsi, yaitali ngati ulaliki.

Dzuwa litapitirira nsanja ya tchalitchi
ndayendera bwalo lonse chowerama,
kutola zomwe nyengo yozizira inatisiyira:
mwala, fupa la galu wa eni, msomali wadzimbiri,
kagalimoto kofiira komwe Tadek anakalirira mu Novembala.
Mpeni wa kunsi kwa makinawa susankha,
chilichonse umachisandutsa chipolopolo.
Tadek ndamutsekera m'nyumba,
mphuno yake yaphwatalala pawindo.

Jombo zachikopa, zingwe zomanga kawiri. Magalasi kumaso.
Oilo ndamuona, petulo ndathira injini ikadali yozizira.
Ndakankhira makina pasimenti, pamalo afulati,
poti wolizira injini pamtsetse
amakoka chingwe, makina n'kumukoka iye.
Dzanja limodzi lafinya chogwirira, mapazi kutali.
Ndakoka. Khu! Zii.
Ndakokanso. Yatsokomola ngati bambo m'mamawa.
Kachitatu yabangula, mbalame zonse balala.

Ndikuyenda chopingasa,
phewa lina kumtunda, lina kumtsinje,
osakwera molunjika, osatsika molunjika.
Mzere, kukhota mofatsa, mzere wina.
Fungo la udzu wodulidwa landilowa mpaka m'mano.

Bambo nkhani yawo samaikamba, amayi ndiwo ankaikamba.
Anachokera kufakitale ya zitsulo, atagwira usiku wonse,
tulo tili m'maso, mpira uli pafupi kuyamba pawailesi.
Anati angomaliza kachigawo kamodzi.
Anakokera makina chambuyo, udzu uli wonyowa,
phazi linatsogola lokha.
Amayi anathamanga ndi zalazo kuchipatala
m'mbale ya shuga, atathiramo ayezi.
Madokotala anabweza mbale yokha.
Tikuigwiritsabe ntchito.

Pamzere wachisanu ndi chiwiri, pamthunzi wa mtengo wa maapozi,
pomwe mame anabisala,
jombo yanga yaterereka.
Ndataya chogwirira. Ndataya basi,
ngati chandiotcha.
Injini yazima, makina aima chopendama,
ine ndakhala pansi, matako nyowe,
mtima ukugunda m'makutu.

Pakhonde bambo aimirira ndi mwendo umodzi.
Sananene kanthu.
Ndawakwezera jombo zonse ziwiri kuti awerenge.

Udzu waundana kunsi, makina atsamwa.
Ndazula kaye kawaya ka pulagi,
ndadikira chitsulo chizizire,
ndatokosa ndi kamtengo, chala ayi.
"Chala chimodzi," bambo akutero, "sichiswa nsabwe,
koma yesa kuyenda chitachoka."
Mwambiwo aupotoza, ndawasiya.

Kumunsi kwenikweni, pafupi ndi mpanda,
phiri limagwa ngati khoma.
Kumeneko sindinapiteko.
Mayi Pruitt asuzumira, manja m'chiuno:
"Nanga tchire ili?"
Ndati ndi la njuchi.
Mawa ndidzabwera ndi chikwakwa, mwina,
kapena ndidzabzalapo maluwa, nkhani ithe.

Injini ikuzizira pasimenti, ikulira the, the, the.
Tadek watuluka, walandira kagalimoto kake,
akukayendetsa m'mizere yanga yokhotakhota.
Bambo ayang'ana bwalo lonse nthawi yaitali.
"Wasiya kamzere apo."
Kenako awerama, mpweya phuu,
avala sokosi yawo.