Tsiku Lachisanu ndi Chinayi

Pachitseko cha filiji pali kalendala
yomwe Ximena amalembapo mtanda ndi cholembera chofiira.
Mitanda isanu ndi itatu yandondozana.
Lero m'mawa anatenga cholembera, n'kuchibweza osalemba,
akuti tsiku saliweruza lisanathe.

Rayén ali ndi zaka ziwiri ndi miyezi isanu.
Amadziwa kunena galu, chombo, ayi.
Makamaka ayi.
Zikamufika amathawira kuseri kwa katani wa pabalaza,
amaima ndi zala za kumapazi atapingasa miyendo,
nkhope ili psuu, thukuta pamphuno,
timanja titagwira nsalu ngati kwayamba chivomezi.
Poyamba tinkati akukankha.
Dokotala Arancibia ndiye anatiuza kuti akubweza.
Tsiku lina mu Meyi zinamupweteka,
kunatuluka kamwala ndi kadontho ka magazi,
ndipo mwana anausunga mlanduwo.
Tsopano akulondera khomo la thupi lake usana ndi usiku.

Ine ndimagwira ntchito padoko la Valparaíso.
Ndimatsitsa makontena m'zombo zochokera ku Busan,
matani makumi awiri, ndi chala chimodzi pabatani.
Koma kamimba aka, kolimba gwa,
kandikanika.

Tayesa.
Kiwi amalavula.
Maplamu ouma ophika ananunkhiza n'kupatsa mphaka.
Mayi Eliana a nyumba yapansi anakwera ndi mafuta a olivi pasupuni
ndi nkhani yaitali ya mdzukulu wawo wa ku Quilpué.
Apongozi pafoni akuti vuto ndi mkaka,
mlamu akuti vuto ndi ife.
Lachitatu ndinapsa mtima.
Ndinamukhazika mokakamiza pakachimbudzi ka pulasitiki,
ndinamugwira mapewa, iye akukuwa kuitana amake.
Usiku umenewo ndinatsika masitepe onse a phiri la Cordillera
n'kukweranso, ndikuwerenga, kuti ndisalire m'nyumba.
Chiwerengero ndinachisokoneza pakati.

Ufa wa ku famasi ulibe fungo, ulibe mtundu.
Timausungunula m'madzi a maapozi, m'kapu yojambulidwa bakha.
Adokotala anati: ndi miyezi, osati masiku.
Musaleke akangochita kamodzi.
Musamukalipire, musamuyang'anitsitse.
Ndiye timayang'ana kudenga, anthu awiri akuluakulu,
makutu ali kuseri kwa katani.

Madzulo ano ndamuika m'bafa la madzi ofunda.
Ndamusisita pamimba mozungulira, monga umayendera muvi wa wotchi.
Ximena wabwera ndi kabotolo ka thovu la sopo.
Uzira, Rayén. Uzira lalikulu.
Mwana sangauzire ndi kumanga thupi nthawi imodzi,
anatero namwino, ife osakhulupirira.
Thovu loyamba laphulikira pampopi,
lachiwiri pamphuno panga. Waseka.
Lachitatu silinatuluke.
Maso watuzula, wagwira chala changa,
chomwe chija cha pabatani,
wachifinya mpaka chayera.
Papá, kuwawa.
Ndikudziwa. Ndili pano. Uzira.

Kumunsi chombo chalira, kupempha malo padoko.

Kenako m'madzi muja, chubwi.
Chinthu chakuda, chouma,
chachikulu moti sindikumvetsa kumene chinkakhala.
Rayén wachiyang'ana, watiyang'ana ife,
akudikira kumva ngati walakwa.
Ximena waomba m'manja, misozi ili mbwembwembwe.
Ine ndachitola ndi kajumbo
mosamala ngati ndanyamula dzira.

Bafa talitsuka kawiri.
Wagona chafufumimba, matako m'mwamba,
osadzuka, osabuula, koyamba sabata ino.
Pakalendala Ximena wajambula kadzuwa kopindika.
Ine ndayeza kale ufa wa mawa
n'kuuika pafupi ndi kapu ya bakha,
chifukwa katani akadali pomwepo
ndipo mwanayu Meyi sanamuiwale.