Kiyi ya M'chiuno

M'kabati yachitsulo muli timabotolo khumi ndi tiwiri.
Kiyi ndimamangirira m'chiuno, mkati mwa yunifomu,
ikandibaya ndimadziwa kuti ndidakali maso.
Ketamini.
Dzina losatanthauza kanthu m'chinenero cha mayi anga,
nkhope yake ngati madzi a pampopi.

Lachiwiri usiku anabwera ndi mwana wa ku Kambuzuma,
Nyaradzo, zaka zisanu ndi chimodzi,
moto wa palafini utamusenda mkono mpaka m'khwapa.
Magetsi anali atathima, jenereta ikutsokomola kuseri.
Ndinakoka madziwo molingana ndi kulemera kwake,
ndinati tiwerenge limodzi m'Chishona:
poshi, piri, tatu,
pa china sanafikepo.
Maso ali tong'o, koma mwini maso wachoka,
wasiya thupi ngati malaya pachingwe
kuti ife titsuke, tichotse khungu lakufa, timange.
Mpweya wake sunaphonye ngakhale kamodzi.
Podzuka anati anakwera kombi yopanda dalaivala
mpaka pamwamba pa Kopje,
ndipo kondakitala anali nkhunda.
Mayi ake anandiombera m'manja atagwada pasimenti.
Ndinafuna kunena kuti ombereni kabotoloko.

Loweruka anabwera ndi Lameki.

Lameki, mwana wa mchimwene wanga amene anamezedwa ndi Joni,
Lameki amene ndinalera ku Mufakose m'zipinda ziwiri,
wonditcha tete, Chichewa chake cha pamaliro pokha,
dipuloma yake ili pansi pa matiresi kuti isapindike.
Anzake anamutula pageti, galimoto osazimitsa.
Anamutola m'bafa, pa fulati ina ya ku Avenues,
mphuno yayera ngati wachokera kuchigayo.

Maso ali tong'o. Ndinawazindikira masowo.
Ndimawapanga ndine, kasanu pa sabata.

Wina kwinakwake anaumitsa madzi anga pambale
mpaka anasanduka ufa,
nagawa m'timapepala popanda sikelo ya thupi,
popanda woima kumutu kumvetsera chifuwa,
popanda woitana dzina nthawi yobwerera ikakwana.

Kutacha anandiuza, lilime likulemera:
Tete, muli dzenje mmenemo.
Mulibe mzere wa ofuna ntchito,
mulibe lendi, mulibe Lameki.
Mumakhala phee ngati Lamlungu lisanalengedwe.
Ndinati nanga magazi amene ndimapeza m'chimbudzi,
nanga chitseko cholira kakhumi usiku umodzi,
iwe ukuthamangira madontho atatu oyaka ngati tsabola?
Chikhodzodzo chako chikufota, mwanawe,
chikutsala ngati chikwama cha makobidi.
Anatembenukira kukhoma.
Kenako, motsitsa: si inu mumapatsa ana omwe?

Sindinayankhe.
Ndinapita kukabati, ndinawerenga.
Khumi ndi tiwiri. Buku likuvomereza, siginecha ndi yanga.
Si m'manja mwanga munachokera ufawo.
Ndinawerenganso.

Kusukulu anatiphunzitsa masamu ake:
pa kilo iliyonse ya munthu, mlingo wakutiwakuti.
Nyaradzo ndinamukweza pasikelo, zinatheka.
Koma chimene Lameki akuthawa ndichikweza pati?
Zaka zinayi zoyenda ndi envelopu yakhaki
kuchokera ku Graniteside mpaka ku Msasa,
alonda akumubweza asanatsegule pakamwa,
zimalemera makilo angati?

Jakaranda wayamba kugwa mumsewu wa kuchipatala,
kombi zikuponda maluwa osaona.
Nyaradzo wabwera kudzasintha bandeji,
akufunsa ngati lero akweranso ija ya nkhunda.
Ndati lero ayi, lero tingoluma mano pang'ono.

Lameki watuluka. Akugona pa sofa yanga,
ndikumva mpweya wake kudzera m'khoma,
ndikuwerenga monga ndimachitira kuntchito.
Dzulo, ndikuvula nsapato,
ndinamupeza akuyang'ana m'chiuno mwanga,
kenako pansi, mwamanyazi.
Kiyi ya kuchipatala imatsala kuchipatala, iye akudziwa.
Komabe ndagona nditagwira chingwe chake,
ndipo chitseko cha kuchimbudzi
chalira kachisanu ndi chiwiri.