Legeni Yagalasi

Ku Limbe, kuseri kwa shopu ya mafoni,
Che Matola anayala malenzi atatu pa thaulo lofiira
ngati makanda odikira sikelo.

"Iyi ya mamilimita mazana atatu n'njopepuka,
mvula ikayamba uthamanga nayo.
Iyi ya mazana asanu ndi limodzi
ikuonetsa nsabwe paphiko la khwangwala,
koma mtengo wake ndi poloti ku Machinjiri,
ndipo khosi lako lidzanditukwana."

Yachitatu sanaitchule.
Ndinainyamula ndekha n'kusuzumira:
mazana anayi, utoto wosupuka,
m'mbali mwa galasi muli kankhungu,
Chiperoni yakeyake yokana kuyera.
Ndinawerenga ndalama za maukwati asanu ndi awiri
amene ndinajambula chaka chino,
akwatibwi onse aja, keke, pelekanipelekani,
zonse zinalowa m'thumba la Che Matola.

Loweruka, tambala asanatsike,
ndinadutsa Chilomoni kulunjika ku Michiru.
Ndilibe choimikira cha miyendo itatu;
chigongono pabondo, msana pamtengo,
mpweya ndaumanga mfundo.

Pumbwa anabwera, anatuluka chimbuuzi.
Mnthengu anandipatsa mchira wokha.
Kenako nthambi, nthambi, thambo loyera,
nthambi ina yooneka bwino kwambiri
pomwe mbalame inali
kanthawi kapitako.
Linthumbu linandipeza m'sokosi.

Lenzi yaitali siifupikitsa mtunda wokha,
imakulitsanso kunjenjemera kwa mwini wake.
Che Matola izi sanandiuze.

Dzuwa litafika paphewa,
nkhulukulu inatera pa mkuyu, phee,
yobiriwira ngati sinakhudzepo fumbi la mzinda uno.
Ndinakumbuka chala ichi chikukoka mphira,
ine ndi Lufeyo m'mbali mwa Mudi,
matumba a kabudula odzaza miyala,
timba wofunda m'dzanja, mtima wake ukuzima.
Chala chomwecho.
Diso lotsinzina lomwelo.

Tcha!

Inatambasula zofiira zomwe imabisa kunsi kwa mapiko,
n'kupita ndi moyo wake wonse.

Usiku ndinagula bandulo, n'kutumiza kwa abale.
Malume anafunsa ngati imadyedwa.
Mlamu anati mitundu ndaipaka pa kompyuta.
Achemwali anayankha ndi chithunzi cha mwana wawo.
Bandulo inatha.

Koma Lufeyo, amene amalonda geti ku Ginnery Corner,
anaimba foni cha m'ma thuu koloko.
Anati wakhala akuikuza ndi zala ziwiri
mpaka diso lokha ladzaza foni,
ndipo m'disomo muli kadontho kakuda
pansi pa mtengo wopindika.

"Ndiwe ameneyo," anatero.
"Nayonso inakujambula."

Tinakhala chete, mayunitsi akudyeka.
Kumbali kwake ndinamva lole ikutsika msewu,
ndi lumbe, kapena alamu ya galimoto,
sindinathe kusiyanitsa.

"Loweruka ndili ofu," anatero.
"Ndidzakunyamulira chikwama.
Manja ako aja ndimawadziwa,
kuyambira kale sankakhazikika."